Lamulo Loletsa Kupuma ku Sitilakwa

Dziko la Sitilakwa musavutike kulifuna pa mapu. Ojambula mapu adapemphedwa kuti alikulitse pang'ono, ndipo atakana, dzikolo lidakwiya n'kuchokapo. Lili pakati pa phiri la Tamvakale ndi chigwa cha Tidzaonabe, ndipo likulu lake ndi mzinda wa Khalanichete. Pa nthawi ya nkhani ino linkalamulidwa ndi Mfumu Ndilipobe Wachitatu. Munthu wosamala angafunse kuti Woyamba ndi Wachiwiri adali yani. Adali munthu yemweyo. Anthu akayamba kunong'onezana kuti mwina nthawi yakwana, Mfumu inkangowonjezera nambala pa dzina lake, n'kulamula kuti kuimbidwe nyimbo zolandira mfumu yatsopano.

Malamulo akuluakulu a dzikoli adali awiri. Loyamba linkati malovu a Mfumu sabwerera m'kamwa, kutanthauza kuti chimene Mfumu yanena chanenedwa, ngakhale itachinena ikuyetsemula. Lachiwiri linkati pasapezeke mutu wa munthu pamwamba pa mutu wa Mfumu. Popeza Mfumuyo idali yaifupi, ndipo nduna zake zinkapikisana kutalika kwa zipewa, mpando wachifumu unkawonjezeredwa khwerero chaka ndi chaka, kufikira udakhala pamwamba pa makwerero khumi ndi asanu ndi anayi.

Amene ankakhoma makwererowo adali a Yotamu Gwedeza, mmisiri wamkulu wa zomangamanga za Mfumu. Adali atagwira ntchitoyi zaka makumi atatu ndi zinayi, ndipo mawondo awo adali atayamba kulankhula okha pokwera. Kumudzi kwawo ku Kwathunkutali kudali akazi awo, a Nangozo, kanyumba ka khonde lalikulu, mpando umene adaukhoma okha kuti adzakhalepo akadzakalamba, ndi mtengo wa mapeyala umene adaubzala chaka chimene adayamba ntchito. Mtengowo udakula, udabereka, udadyetsa mudzi wonse, koma mwini wake sadalawepo chipatso chake, chifukwa nyengo ya mapeyala inkakumana ndi nyengo yowonjezera makwerero.

M'thumba la jekete lawo munkakhala kalata ya mzere umodzi: "Mwini Dziko, ndikupempha kupuma." Kalatayo inkangosowa chidindo. Ataipereka koyamba, Mfumu idaibweza.

"Undimangire kaye Nyumba ya Ufumu," idatero, "yoti mu Juni ndisamve chisanu, mu Okutobala ndisatuluke thukuta. Tsiku lotsegulira ndidzadinda kalata yakoyo."

A Gwedeza adaimanga Nyumbayo ndi mtima wa munthu amene akuona kwawo. Pansi pake adasiya mpata wakuya kufika m'chiuno, ndipo pamwamba pa mpatawo adayala matailosi okhazikika pa timiyendo tachitsulo. Mumpatamo adayendetsa mapaipi, kuti m'nyengo yachisanu muziyenda madzi otentha, m'nyengo yotentha muziyenda madzi ozizira. Makina opemerera ankakankhira mphepo ya panja mumpatamo, ndipo mphepoyo inkatulukira m'tizenera tapansi tolukidwa ngati sefa, pafupi ndi mapazi a anthu. Tsono aliyense amene sankagona m'kalasi akudziwa kuti mpweya ukatentha umapepuka n'kukwera. Mpweya wozizirawo, ukatenga kutentha kwa matupi a anthu pamodzi ndi fungo lawo, unkayenera kukwera mpaka kudenga, n'kutulukira m'zibowo zisanu ndi chimodzi zimene a Gwedeza adaboola pamwamba penipeni, pamutu pa mpando wa Mfumu.

Patatsala milungu itatu kuti Nyumba itsegulidwe, Mfumu idabwera kudzaiyendera. Pambali pake padali a Mpotoza, Nduna ya Matanthauzo, amene ntchito yawo idali kuuza Mfumu chimene anthu akutanthauza, ndi kuuza anthu chimene Mfumu ikutanthauza, kotero kuti mbali ziwirizo zidali zisadamvanepo chiyambire.

Mfumu idayang'ana kudenga.

"Gwedeza, denga langa ladyedwa kale ndi chiswe?"

"Ayi, Mwini Dziko. Zibowozo n'zadala. Nyumba iyenera kupuma."

A Mpotoza adatsokomola kamodzi. Anthu a ku Khalanichete ankadziwa kuti kutsokomola kumeneko kumatsogolera maliro a ntchito ya munthu.

"Tabwerezani, a Gwedeza. Makutu angawa akalamba."

A Gwedeza, pokhala munthu wokonda ntchito yake, adaganiza kuti apeza wophunzira. Apa ndi pamene adaterera.

"Nyumba iliyonse iyenera kupuma, Olemekezeka. Wakale, umene watopa, utuluke kudzera pamwamba. Watsopano uchokere pansi. Mukatsekera wakalewo m'kati, anthu amayamba kumva mutu, kenako amakomoka."

"Wakale atuluke," adatero a Mpotoza pang'onopang'ono.

"Inde."

"Amene ali pamwamba."

"Ndiko kumene kumaunjikana zoipazo."

"Ndipo watsopano achokere pansi."

Wodziwa galamala waona kale kuti a Gwedeza ankati "utuluke", ponena mpweya, pamene a Mpotoza ankati "atuluke", ponena munthu. Pakati pa zilembo ziwirizo padali dzenje lokwanira mmisiri wamkulu. A Gwedeza adaliona dzenjelo ali kale m'mphepete, ndipo adatembenukira kwa Mfumu mofulumira.

"Sindinati atuluke, Mwini Dziko. Ndati utuluke."

"Mwamva nokha," adatero a Mpotoza mwachisoni, atagwira pamtima. "Tsopano akukutchulani iwe."

Kenako nduna idatambasula nkhaniyo monga munthu woyanika ufa pamkeka. Nyumba ndi iti m'dziko muno, ngati si Nyumba ya Ndilipobe? Kupuma n'kutani, ngati si kutula pansi udindo? Wakale wa pamwamba ndani? Nanga watsopano wochokera pansiyo akubisala kuti, ngati si mumpata umene mmisiri wakumba dala pansi pa mapazi a Mfumu? Mfumu idayang'ana matailosi, ndipo idasuntha phazi limodzi.

Madzulo asanafike, lamulo lidawerengedwa pa mphambano zonse. Lidati kuyambira tsiku limenelo mawu akuti kupuma ali ndi tanthauzo limodzi lokha, ndilo kusiya ntchito. Lidapitiriza kuti popeza m'dziko la Sitilakwa mulibe wofuna kusiya ntchito, mawuwo sakufunikanso, ndipo wowatchula kapena kuwalemba adzapita kukasenza miyala ku phiri la Tamvakale. Zibowo za kudenga zitsekedwe. Tizenera tapansi tiphimbidwe ndi makapeti ofiira, pakuti m'dziko lino chabwino chilichonse chimachokera kumwamba. Mmisiri wakhululukidwa chifukwa cha imvi zake, koma aonetsetse kuti tsiku lotsegulira muzikhala mozizira monga adalonjezera.

"Nanga kalata yanga, Olemekezeka?" adafunsa a Gwedeza, atawapeza a Mpotoza ku ofesi yawo.

"Muli mawu oletsedwa. Singawerengedwe. Inenso pano sindikuiona."

M'mawa mwake a Gwedeza adabweranso ndi kalata ina, yakuti: "Mwini Dziko, ndikupempha kuusa." A Mpotoza adaiwerenga kawiri, n'kuibweza mwaulemu ndi manja awiri.

"Chichewa chabwino kwambiri. Koma kuusa timafunira akufa, kuti mzimu wawo uuse mumtendere. Mukadzamwalira mudzabwere nayo, tidzadinda tsiku lomwelo popanda kukuimikani pamzere."

A Gwedeza adatsika ndi msewu wa ku msika wa Nong'onong'o. Lamulo lidali litafika kale kumeneko, ndipo anthu adali atalilandira monga amalandirira malamulo onse, ndiko kuti adalipatsa mpando n'kupitiriza zawo. Wokoka ngolo wina adali gone pansi pa ngolo yake, chipewa kumaso. Msilikali atamufunsa chimene akuchita, adayankha kuti akugwira ntchito chogona. Ana a sukulu ankathamanga panja, popeza belu la nthawi yoyang'ana kumwamba lidali litalira. Mayi wina wochokera kuchipatala ankafotokozera anzake kuti dokotala adamuika chitsulo pachifuwa n'kumuuza kuti, "Kokerani m'kati zijazi. Tsopano bwezani kwa eni ake."

Pansi pa mtengo wa m'bawa padali mayi Dorika, mng'ono wawo wa a Nangozo, akukazinga zitumbuwa pa mbaula.

"Alamu," adatero mayi Dorika osadzutsa mutu, "nkhope yatani ngati chitumbuwa cha dzana? Ndamva mudauza Mfumu kuti iwe."

"Ndinkanena mpweya."

"Ndiye mudaitchulanso mpweya? Koma alamu, mwalimba mtima ku ukalamba."

A Gwedeza adakhala pa chitsa, n'kulandira chitumbuwa chimene sadapemphe.

"Ndabwera dzulo kuchokera kumudzi," adapitiriza mayi Dorika. "Achemwali akuti mpando wanu uja wa pakhonde, nkhuku yayamba kuuyendera. Akuti mvula yoyamba ikagwa inu kulibe, aupereka kwa nkhukuyo, poti iyo imagona pakhomo."

"Nanga mtengo uja?"

"Wachita maluwa mpaka nthambi kupindika. Chaka chatha ndidakudyerani ine. Musadandaule, pa peyala lachitatu ndidakukumbukirani."

A Gwedeza sadaseke. Adafotokoza kuti tsiku lotsegulira mudzalowa anthu mazana asanu ndi limodzi, masana a Okutobala, m'nyumba yopanda polowera mpweya ndi potulukira pake. Wina akadzakomokamo, adzati mmisiri walodza. Akadzapanda kukomoka, mmisiri adzakhomabe makwerero kufikira tsiku limene adzamunyamule anthu anayi.

Mayi Dorika adaloza mbaula yawo ndi chipande.

"Mbaula iyi ili ndi zibowo khumi ndi ziwiri, ndipo siinayambe yaukirapo boma. Kodi pokulamulani kutseka, adati mutseke ndi chiyani?"

"Sadanene."

"Ine akandiuza kuti vundikira mphika, sindimata ndi simenti."

A Gwedeza adatafuna chitumbuwacho nthawi yaitali kuposa mmene chitumbuwa chimafunira. Kenako adaimirira, mawondo n'kupereka ndemanga yawo, ndipo adabwerera kuntchito.

Adatseka zibowo zonse zisanu ndi chimodzi ndi zivundikiro za matabwa opepuka, zopakidwa utoto wofanana ndi denga, kotero kuti munthu woyang'ana ali pansi sakadaona msoko. Zivundikirozo adazilumikiza ku chingwe chimodzi, chimene chidatsika m'mbali mwa khoma mpaka pansi. A Mpotoza pobwera kudzaona ngati lamulo latsatidwa, adaima pa chingwecho.

"Ichi n'chachiyani?"

"N'chokumbutsa anthu osamvera, Olemekezeka."

A Mpotoza adachiyang'ana kuyambira pansi mpaka kudenga, adadzigwira pakhosi, ndipo adakondwera kwambiri. Adalamula kuti chipakidwe utoto wagolide ndi kuti wina asachikhudze.

Tsiku lotsegulira lidacha ndi dzuwa la mtundu umene umaswa miyala. Anthu mazana asanu ndi limodzi adalowa: nduna makumi awiri ndi zipewa zawo, kwaya ya Mfumu, ndi anthu wamba amene adatoledwa ku msika kuti adzaombe m'manja. Zitseko zidatsekedwa kuti mawu a Mfumu asatayikire kwa anthu osaitanidwa. Mfumu idakwera makwerero ake khumi ndi asanu ndi anayi, n'kukhala pansi penipeni pa denga. A Gwedeza adaima pafupi ndi chingwe chagolide, kalata yoyamba ija ili m'thumba.

A Mpotoza adayamba kulankhula. Adayamba ndi kubadwa kwa Ndilipobe Woyamba, ndipo patatha ola adali asadafike pa tsiku limene mwanayo adamera dzino. Ataona kuti anthu ayamba kudzikupiza ndi zipewa, adatumiza mawu kwa oyendetsa makina kuti atsegule madzi ozizira onse.

Apa padachitika chimene chimachitika pa botolo la madzi ozizira likaikidwa padzuwa. Chinyezi cha m'kamwa mwa anthu mazana asanu ndi limodzi chidatsikira pa matailosi ozizirawo, ndipo pansi padayamba kuchita thukuta. Makapeti adanyowa, nsapato zidayamba kulira ngati achule. Mapazi a anthu adali mu Juni, mitu yawo ili mu Okutobala.

"Taonani," adatero a Mpotoza, "ngakhale pansi pakukhetsa thukuta potumikira Mfumu."

Anthu adaomba m'manja mofooka, ndipo kamphepo ka m'manjamo ndiko kadali mphepo yokha ya tsikulo.

A Gwedeza sankamvera. Maso awo adali kudenga, kumene ankadziwa kuti mpweya wonse wotopa wa m'Nyumbamo waunjikana, ukufunafuna khomo, ndipo wapeza Mfumu. Adaona chisoti chachifumu chikupendekera kumanzere. Adaona Mfumu ikutsegula pakamwa ngati mwana wa mbalame.

"Ndikufuna..." idatero Mfumu.

"Mfumu ikufuna kuti ndipitirize," adamasulira a Mpotoza, ndipo adalowa m'chaka chimene Ndilipobe Woyamba adayamba kukwawa.

"Ndikufuna kujaku."

"Kujaku, m'chilankhulo chakuya cha makolo, ndi nyimbo."

Kwaya idaimirira, anthu makumi asanu a zifuwa zazikulu, n'kuimba ndime zisanu ndi ziwiri, ndipo mpweya umene udatsala udathera m'nyimbomo.

Pamenepo Mfumu idachita chinthu chimene idali isadachitepo pamaso pa anthu. Idanyamuka pampando, n'kuyamba kutsika. Itafika pakati, nduna zidavula zipewa. Itatsikanso, anthu ataliatali adawerama. Pa khwerero lachitatu kuchokera pansi Nyumba yonse idagwada, ndipo Mfumu itaponda kapeti, anthu adali atakhala kale pansi m'madzimo. Koma Mfumu sidalekere pomwepo. Idagwada, idagona chafufumimba, idaika tsaya pa kapeti yonyowa, ndipo m'mphepete mwa kapetiyo idamva kamphepo kowonda ngati ulusi. Idakankha kapeti ndi dzanja, idapeza kazenera kapansi, n'kuikapo mphuno.

Lamulo lachiwiri lija lidali likadali lamulo. Anthu wamba adagona pansi mosavuta, pakuti adazolowera, ndipo matupi awo adalibe chowakweza. Koma nduna zitagona, mimba zawo zidawanyamula, mitu n'kutsala m'mwamba ngati mitu ya abakha. Padalibe kuchitira mwina. A Mpotoza adatukula tailosi imodzi, adalowa mumpata wa pansi uja, ndipo anzawo khumi ndi asanu ndi anayi adawatsatira mmodzimmodzi, kufikira njira yonse ya mphepo idadzaza ndi boma.

Kamphepo kaja kadaleka. Kamene kadatsalako kadali katadutsa kaye pakati pa nduna makumi awiri zimene zidadya nyemba ndi mazira pa phwando la m'mawa. Pa mfundo iyi sitiwonjezerapo mawu.

"Gwedeza," idanong'ona Mfumu.

A Gwedeza adakwawa ndi mimba kufikira nkhope yawo idayandikana ndi ya Mfumu. Zaka makumi atatu ndi zinayi adali asadaionepo pafupi chotero. Idali nkhope ya nkhalamba yotopa ngati iwo omwe.

"Gwedeza, mwana wanga, chita chinachake."

"Chiyani, Mwini Dziko?"

"Ukudziwa."

A Gwedeza adayang'ana kukhoma. Chingwe chidali pafupi, ndipo chifundo chinkawauza kuti angochikoka. Koma adakumbukira phiri la Tamvakale ndi miyala yake, adakumbukiranso nkhuku.

"Ndikudziwa, Mwini Dziko, koma dzina lake n'loletsedwa. Mmisiri sagwira ntchito yopanda dzina. Ndikaigwira, mawa adzati ndidamva molakwa."

Kuchokera pansi, kudzera m'kazenera kaja, padamveka mawu a a Mpotoza, ofooka koma okhulupirika pantchito.

"Mfumu ikutanthauza kuti..."

Mfumu idamenya kazenerako ndi chikhatho.

"Tsegula chilichonse chimene chimatseguka," idatero. "Puma, Gwedeza. Pumani nonse muli muno. Pumani, ndalamula."

Mawuwo sadali okweza, koma m'Nyumba imene anthu onse agona pansi, mawu amayenda bwino. A Gwedeza adakwawira kukhoma, adagwira chingwe chagolide ndi manja awiri, n'kuchikoka. Zivundikiro zisanu ndi chimodzi zidatseguka pamodzi. Mpweya wakale udatuluka ngati ng'ombe zotsekulidwa m'khola, ndipo khwangwala amene adatera padengapo adauluka chammbali, osabweranso mumzindamo. Anthu adapinda makapeti chogona. Nduna zidatuluka mumpata muja, mphepo ya makina idapeza njira yake, ndipo idakwera m'tizenera tonse, yozizira, yoyera, monga momwe mmisiri adaikonzera. Kwa kanthawi, m'Nyumba ya Ufumu simudamveke china koma anthu mazana asanu ndi limodzi akuphwanya lamulo la milungu itatu ndi mphuno zawo.

A Gwedeza adatulutsa kalata m'thumba, yonyowa koma yowerengeka, n'kuiyala pa tailosi patsogolo pa Mfumu.

A Mpotoza adafika akukwawa ndi zigongono, kangaude ali pa khutu, mutu ataupanikiza pansi kuti usapitirire wa Mfumu.

"Mwini Dziko ankanena za mapapo. Aliyense wamva kuti ankanena za mapapo."

"Olemekezeka," adatero a Gwedeza, "lamulo limene mudalemba nokha likuti mawu amenewa ali ndi tanthauzo limodzi lokha. Lidawerengedwa pa mphambano zonse. Ine ndidalimva katatu."

Mfumu idali itatembenuka chagada, mphepo ikuiomba m'khosi. Idayang'ana a Mpotoza. Idayang'ananso nduna zina zija, n'kukumbukira zimene mphuno yake idaona.

"Malovu a Mfumu," idayamba.

"Sabwerera m'kamwa," Nyumba yonse idamaliza, ndipo kwaya idachiimba ngati nyimbo ya mawu anayi.

Motero nduna makumi awiri zidapumitsidwa ntchito pa mphindi imodzi, zili gone pansi. Anthu wamba sadadandaule, popeza ambiri a iwo adalibe ntchito yoti asiye. A Mpotoza adayesa komaliza.

"Ngati ndi tero, Mwini Dziko, paja mwati nonse muli muno. Nanunso muli muno."

"Ndati pumani," idayankha Mfumu. "Sindinati tipume. Galamala, Mpotoza."

Chidindo chachifumu chidali chitatsala pampando, pamwamba pa makwerero khumi ndi asanu ndi anayi. Padalibe wololedwa kukwera kukachitenga, ndipo Mfumu idanenetsa kuti kumeneko siibwererako. Choncho idapaka chala chachikulu pa kapeti yonyowa, imene utoto wake wofiira udali utayamba kusuluka, n'kudinda pa kalata ya a Gwedeza.

M'mawa mwake kudalengezedwa kuti Ndilipobe Wachitatu watsika, ndipo dziko lalandira Ndilipobe Wachinayi, mfumu yodzichepetsa imene idzalamulira ili pansi, pafupi ndi anthu ake ndi kazenera kachiwiri kuchokera kumanzere. Kudalengezedwanso kuti nzeru yakuti zabwino zimachokera pansi idali ya Mfumu kuyambira kale, ndi kuti akufuna nduna zatsopano, makamaka zowonda.

A Gwedeza adadutsa pa msika wa Nong'onong'o ndi sutikesi yawo pamene wolengeza ankamaliza. Wokoka ngolo uja adali ataima pa mbaula ya mayi Dorika.

"Tsono mayi, pamenepa chasintha n'chiyani?" adafunsa.

"Mpweya wokha," adayankha mayi Dorika akutembenuza chitumbuwa. "Koma musaunyoze. Dzulo tidalibe." Ndipo ataona a Gwedeza adawonjezera, "Alamu, thamangani. Kumadzulo kwayamba kuda."

Lole idawatsitsa pa Kwathunkutali mitambo itaunjikana pamwamba pa mudzi, koma dontho lisadagwe. Adayenda msanga monga mawondo adalolera. A Nangozo adali pabwalo akuanula zovala, ndipo adawayang'ana kuyambira ku nsapato mpaka ku imvi.

"Mwabwera kudzatenga chiyani, bambo?"

"Ndabwera kudzapuma." Adatulutsa kalata ija n'kuwaonetsa chala chofiira.

"Mwachita bwino. Pitani pakhonde."

Pakhonde, pampando umene adaukhoma ndi manja awo, padali nkhuku yamawangamawanga itakhala mofutukuka, ndipo pansi pake pankaoneka nsonga za mazira. Idawayang'ana ndi diso limodzi, monga nduna imayang'anira munthu wobwera ndi kalata.

"Mudati mvula yoyamba ikagwa," adatero a Gwedeza. "Siinagwe."

"Nkhuku siidikira chidindo."

"Ichokepo."

"Yangokhalapo masiku asanu ndi atatu," adatero a Nangozo akupinda chitenje. "Ena amakhala zaka makumi anayi, inu n'kumawakhomera makwerero. Iyi ikaswa ichoka yokha."

A Gwedeza adatsegula pakamwa kuti ayankhe, koma adakumbukira kumene kufotokoza kudawafikitsa ulendo wapita. Adaika sutikesi pambali, adavula jekete, ndipo adakhala pa simenti m'munsi mwa mpandowo, mutu wawo uli pansi pa mutu wa nkhuku. Patsogolo pawo padali mtengo wa mapeyala, tizipatso take tikadali ngati zala za mwana. Kamphepo ka mvula kadabwera chokwawa pabwalo, kadakwera khonde, n'kuwapeza pomwe mmisiri aliyense amadziwa kuti ndi pamene pamakhala mpweya wabwino. Madontho oyamba adagwa pa malata, ndipo a Gwedeza adapuma, m'matanthauzo onse awiri.